Pamenepo pali mawu: sitolo ya nyuzipepala zakale ku Kopje

Mdzukulu wanga wamkazi ali Fomu 6 ndipo m'kalasi mwawo akuphunzira mbiri ya America. Mwezi watha aphunzitsi anawapatsa funso loti afotokoze ngati Pulezidenti Abraham Lincoln analemekeza ufulu wa atolankhani pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Mtsikanayu anabwera nalo kwa ine, poti amadziwa kuti ndakalambira kosindikiza. Ndinayamba ndili mnyamata wosesa zidutswa za mtovu pansi pa makina a Linotype, ndipo ndinapuma ntchito makompyuta atalowa kale. Za inki ndi mapepala ndimazidziwa, koma za Lincoln ndinkangodziwa kuti anamasula akapolo. Mkulu wina amene timapemphera naye ku CCAP ndiye anandiuza kuti ku Kopje, kuno ku Harare, kuli bambo wina wogulitsa nyuzipepala zakale. Tapitako Loweruka katatu, ndasiyako madola 41, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikuuzeni zomwe mukapezeko, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kupeza malowo ndi ntchito payokha. Ife timatsika kombi ya ku Highfield pa Market Square n'kuyenda wapansi mphindi khumi kulowera kumene amagulitsa zipangizo za galimoto. Chikwangwani palibe. Mumakwera masitepe opapatiza onunkha oyilo, ndipo chitseko chachiwiri kumanzere ndi chomwecho. Tsiku loyamba ndinkauza mdzukulu wanga kuti aponde mosamala, ndiye ndinangomva mawu kuchokera m'katimo: "Kodi ndinu akwathu? Lowani bambo, lowani." Eni sitoloyo ndi achikulire kuposa ine, makolo awo anachokera ku Nkhotakota, ndipo ali mnyamata ankagulitsa nyuzipepala m'misewu ya Salisbury, yomwe lero ndi Harare. Tisanamalize n'komwe kulonjerana tinali titayamba kale kutchulana kuti achimwene.

M'katimo muli tebulo limodzi lalitali, mipando itatu ndi makatoni ofika kudenga. Katoni iliyonse inalembedwa dzina la mtsogoleri kapena la nyengo: Lincoln, Wilson, Roosevelt, Chitaganya, Smith, Congo. Kuwerengera pomwepo ndi dola imodzi, mukhoza kuswera tsiku lonse. Fotokope ya tsamba lalikulu ndi madola 2. Masamba enieni akale amayambira madola 10 kupita m'mwamba, ndipo ena sagulitsa ngakhale mutawachonderera. Amalandira ndalama yapamanja ndi EcoCash, koma tengani ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenje chimawavuta.

Mdzukulu wanga anathamangira katoni ya Lincoln. Ine maso anga anakodwa pa ya Smith, ndipo ndiyambira pamenepo chifukwa ndi imene yandilembetsa zonsezi.

Bambo anga anachokera ku Ntcheu. Anabwera kuno pa malole a Ulere ndipo kwa zaka zambiri anali khukhi kwa mzungu wina ku Avondale. Ankagona kuntchito komweko, kunyumba ankabwera Lamlungu, atanyamula mtolo wa Rhodesia Herald za sabata yonse zimene abwana awo amaliza kuwerenga. Amayi ankayala pa shelefu, kukulungira kapenta, zina kukolezera moto. Chakumapeto kwa 1965, ndili ndi zaka 8, nyuzipepalazo zinayamba kubwera ndi zigamba zoyera pakati pa nkhani, zina zazing'ono ngati bokosi la machesi, zina zotenga theka la tsamba. Ine ndinakondwa, chifukwa pepala lolembapo linali losowa m'nyumba mwathu. Lamlungu lina ndinagona chafufumimba pakhonde n'kuyamba kuwerengera masamu m'chigamba chimodzi. Bambo anandigwira dzanja, osati mwaukali ayi, nati: "Iwe, osalemba apo. Pamenepo pali mawu." Ndinayang'anitsitsa, ndinatembenuza pepalalo, ndinaliloza kudzuwa. Mawu sindinawaone. Iwo sanafotokoze china, anangolipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

Chimene chinachitika n'chakuti pa 11 Novembala 1965, Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu popanda chilolezo cha Britain, tsiku lomwelo anthu a boma osefa nkhani analowa m'maofesi a nyuzipepala. Chilichonse chinkayenera kudutsa m'manja mwawo chisanapite ku makina. Akonzi a Rhodesia Herald ndi a Chronicle ya ku Bulawayo, zonse ziwiri zinali pansi pa kampani ya Argus, anasankha kuti pomwe padulidwa nkhani asaikepo china chilichonse, owerenga adzionere okha bala. Boma linayesa kuletsa ngakhale zigamba zoyerazo, koma akonziwo sanagonje msanga. Kusefa kwapoyera kumeneko kunathetsedwa mu Epulo 1968.

M'katoni ya Smith muli masamba enieni angapo a miyezi imeneyo. Nditatulutsa limodzi manja anga ananjenjemera. Lafiira ngati tiyi wopanda mkaka, m'mphepete mukuyoyoka, ndipo pakati pake pali chigamba choyera chachikulu ngati zikhatho zanga ziwiri, chapafupi ndi chilengezo cha malonda a nsapato. Anthu ambiri amaganiza kuti malo oyera papepala ndi malo opanda kanthu. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya mtovu akuuzani kuti si choncho. Mukachotsa mizere ya zilembo m'chimango cha tsamba simungasiye dzenje, chifukwa zilembo zotsalazo zigwera mkati. Mumayenera kudzazamo zitsulo zazifupi zosafika pa inki, n'kumanganso chimangocho mwamphamvu. Choncho kuseri kwa chigamba chilichonse kunali munthu wovala epuloni yakuda amene anaimirira usiku n'kuchimanga ndi manja ake, ndipo ponyamula chimangocho chinkamulemera pafupifupi ngati tsamba lodzaza nkhani. Ndinalipira madola 15 osatsitsa mtengo, kenako ndinakhala pansi n'kumufotokozera mdzukulu wanga za bambo anga ndi tsiku lija la pakhonde, nkhani imene ndinali ndisanamuuzepo.

Pamenepa ndi pomwe ndinakumana ndi vuto loyamba la sitoloyi. Pali mnyamata wothandiza, waulemu ndithu koma wosaphunzitsidwa. Ndikucheza ndi mdzukulu wanga, iye anatenga tsamba langa lija, analilowetsa m'pulasitiki n'kuyatsa makina olaminetera, ati ndi mmene amachitira kuti lisang'ambike. Ndinalumpha ngati ndaponda moto. Pulasitiki yotenthetsayo ikamatirira pa pepala lakale simungaichotsenso, ndipo kutenthako kumalipweteka pepala lomwe lafooka kale. Ndinalilanditsa litatsala pang'ono kulowa. Eni sitolo anapepesa, koma ndinaona m'makatoni ena masamba enieni omwe anawamata kale. Mukagula lenileni, musalisiye m'manja mwa munthu. Liikeni pakati pa mapepala awiri oyera, chogona, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho.

Katoni ya Lincoln ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo zikuoneka kuti ndi imene achimwene aja amaikonda. Pafupifupi zonse zili m'menemo ndi makope osindikiza pa pepala la A3. Mukawafunsa amavomera poyera kuti si masamba enieni, koma pamapepalapo sanalembe, moti munthu wosadziwa akhoza kupita kwawo akuganiza kuti wagula chuma. Lenileni ndi limodzi lokha, tsamba la nyuzipepala ya ku New York ya 1863 limene analipeza m'katundu wa banja lina lomwe linkasamuka, ndipo saligulitsa. Anandilola kuligwira. Ndi lofewa ngati mpango wochapidwa kambirimbiri, ndipo ndi loyera kuposa Herald ya 1965 ngakhale kuti laiposa ndi zaka zopitirira 100. Masiku amenewo mapepala ankapangidwa kuchokera ku nsanza za nsalu, pamene a m'mbuyo muno ndi a mitengo yogaya, ndipo ali ndi asidi amene amawadya pang'onopang'ono. Pa chifukwa chimenechi chokha ndikanabwera ndi ana onse amene ndinawaphunzitsa ntchito.

Makopewo anawasanja bwino motsatira zaka, ndipo mdzukulu wanga anapeza zonse zimene ankafuna. Mu Epulo 1861 Lincoln anayamba kuimitsa, m'madera ena, ufulu woti munthu womangidwa aonekere kukhoti. Mu Ogasiti chaka chomwecho mkulu wa mapositi ofesi, Montgomery Blair, analetsa nyuzipepala zingapo za ku New York zotsutsa nkhondo kuti zisanyamulidwe pa positi, komwe kunali kuzipha ndi njala, chifukwa owerenga akutali ankazilandira njira yomweyo. Mwezi wotsatira mkonzi wa ku Baltimore, Frank Key Howard, anamangidwa n'kutsekeredwa ku Fort McHenry osazengedwa mlandu. Mu Juni 1863 General Ambrose Burnside anatumiza asilikali kukatseka Chicago Times. Anthu anasonkhana mumsewu atakwiya, ndipo patangotha masiku atatu Lincoln anafafaniza lamulolo.

Koma mu Meyi 1864 anali Lincoln mwini wake amene anasaina. Mtolankhani wina, Joseph Howard, anapeka chilengezo chabodza m'dzina la pulezidenti, chonena kuti pakufunika asilikali ena 400,000, n'cholinga choti mtengo wa golide ukwere iye apindule. Anachitumiza pakati pa usiku, nthawi imene akonzi akuluakulu apita kale kukagona. New York World ndi Journal of Commerce zinachisindikiza. Asilikali analowa m'maofesi awo ndipo nyuzipepala ziwirizo zinakhala zotseka masiku owerengeka, ngakhale kuti nazonso zinangopusitsidwa. Nkhani imeneyi inandilasa mtima chifukwa ntchito ya usiku ndaigwira zaka zambiri. Pepala likafika cha m'ma 3 koloko m'mawa, makina akudikira, maso ali gwa ndi tulo, munthu umasanja zimene wapatsidwa. Ndinkawaona anyamata amenewo m'maganizo mwanga, m'mawa mwake ataima panja pa chitseko chimene pali msilikali ndi mfuti, osadziwa ngati sabata imeneyo alandira malipiro.

Zonsezi ndi mbali yotseka pakamwa, ndipo ndi yosavuta kuiona. Chimene chinandidabwitsa ndi mbali inayo, ya mtsogoleri wodziwa kudyetsa nyuzipepala. Lincoln anali munthu wa nyuzipepala kuyambira kale. Mu 1859, asanakhale pulezidenti, anagula mwachinsinsi kanyuzipepala ka Chijeremani ku Springfield kuti kazilankhulira chipani chake kwa anthu ochokera ku Germany. Nkhondo ili mkati, kuyambira kuchiyambi kwa 1862, mawaya a telegalafu anaikidwa m'manja mwa unduna wa zankhondo wa Edwin Stanton, moti nkhani zochokera kunkhondo zinkadutsa pamenepo, ndipo Lincoln ankakhala maola ambiri m'chipinda cha telegalafu akuwerenga mauthenga anthu ena asanawaone.

Kenako pali makalata awiri amene eni sitolo anawamangirira pamodzi ndi kachingwe. Pa 20 Ogasiti 1862 Horace Greeley, mkonzi wa New York Tribune, anasindikiza kalata yodzudzula pulezidenti kuti akuzengereza kumasula akapolo. Lincoln analemba yankho pa 22 Ogasiti, koma analipereka ku nyuzipepala ina ya ku Washington, National Intelligencer. M'yankhomo ananena kuti cholinga chake chachikulu ndi kupulumutsa umodzi wa dziko, ndipo akanatha kutero osamasula kapolo ngakhale mmodzi akanatero, akanatha pomasula onse akanatero, akanatha pomasula ena n'kusiya ena akanateronso. Munthu wowerenga m'mawa umenewo akanati pulezidenti sanaganize chochita. Chonsecho mwezi wathunthu m'mbuyomo, pa 22 Julayi, anali atawerengera kale nduna zake chilengezo chomasula akapolo a m'madera oukira, ndipo ankangodikira kuti asilikali ake apambane penapake. Atamenyana ku Antietam pa 17 Seputembala, analengeza pa 22 Seputembala, ndipo chinayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863. Mmene ndikuonera ine, ankafewetsa nthaka. Azungu ambiri a kumpoto sankafuna kuti ana awo afere anthu akuda, ndiye anawauziratu kuti chilichonse chimene adzachite pa ukapolo chidzakhala chopulumutsira dziko lawo lomwe.

Ndinaika kope la kalata imeneyi pambali pa tsamba langa la Herald. La Lincoln ndi lodzaza, mzere uliwonse uli ndi inki, ndipo mulibe bodza limene mungaliloze ndi chala. Komabe chinthu chachikulu kuposa zonse, choti chilengezo chinali kale m'dilowa, mulibemo, ndipo palibe wowerenga amene akanadziwa kuti pali chimene chasiyidwa. Bambo anga, khukhi amene sukulu sanapite nayo patali, ankatha kuloza pomwe Smith wadula. Pa tsamba la Lincoln akanaloza pati?

Kope la kalata ya Greeley linali lodulidwa pamwamba, lopanda deti ngakhale dzina la nyuzipepala, ndipo si lokhalo lotero. Achimwene aja anatiuza detilo kuchokera m'mutu, ndipo titakafufuza kunyumba tinapeza kuti sanalakwitse. Koma mwana wasukulu sangalembe pa mayeso kuti agogo ena a ku Kopje ndiwo ananena. Nyuzipepala yopanda deti ili ngati kalata yopanda dzina la wolemba. Izi akhoza kuzikonza ndi pensulo sabata imodzi, ndipo ndinawauza.

Loweruka lachiwiri tinatsutsana. Ndinati, "Achimwene, katoni ya Lincoln ndi ya Smith zikanakhala pa shelefu imodzi." Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ayi bambo, musandilakwitse. Uyu nkhondo yake inamasula anthu pafupifupi 4 miliyoni. Uyo ankamenyera kuti inu ndi ine tisadzavote. Mungawagoneke pa mphasa imodzi?" Sindingawagoneke, ndipo ndinavomera pomwepo. Mu Novembala 1864, nkhondo ili mkati, Lincoln anaima pa chisankho kupikisana ndi George McClellan, nyuzipepala zotsutsa zikumunyoza tsiku ndi tsiku, ndipo akanatha kugonja. Smith, amene anali nduna yaikulu osati pulezidenti, sanaimepo pamaso pa ife ambiri kuti timuweruze. Ine sindinkayerekeza mitima yawo. Ndinkanena za zida: kuletsa positi, kugwira mawaya, kumanga mkonzi, kusankha tsiku loti anthu amve chinthu. Mwana akaphunzitsidwa kuti zida zimenezi amagwiritsa ntchito ndi atsogoleri oipa okha, sadzazizindikira zikadzakhala m'manja mwa mtsogoleri amene iye amamukonda. Anandithirira tiyi wa m'fulasiki osayankha, ndipo makatoniwo adakali pomwe anali.

Katoni ya Woodrow Wilson, pulezidenti wa America pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi yopepuka, zambiri ndi zithunzi zokopa anyamata kulowa usilikali. Muli pang'ono za George Creel ndi komiti yake yofalitsa nkhani ya 1917, imene inatumiza amuna pafupifupi 75,000 kukalankhula kwa mphindi zinayi m'nyumba zoonetsera kanema, ndiponso za Eugene Debs amene anagamulidwa zaka 10 mu 1918 chifukwa cha mawu otsutsa nkhondo. Ngati mukufuna Wilson yekha, ulendowu sungakupindulireni kwambiri.

Ya Franklin Roosevelt, pulezidenti wa America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi ina. Pa 19 Disembala 1941, pasanathe masabata awiri Japan chiphulitsireni doko la asilikali a America la Pearl Harbor, anakhazikitsa ofesi yosefa nkhani n'kuika mtolankhani, Byron Price wa ku Associated Press, kuti aitsogolere. Sanatumize munthu wokhala ndi pensulo yofiira mu ofesi iliyonse ngati mmene Smith anadzachitira. Anagawa kabuku ka malangizo, ndipo akonzi ankadzidula okha. Pa 23 Febuluwale 1942 analankhula pa wailesi atapempha anthu kuti akhale ndi mapu a dziko lonse patsogolo pawo, kuti azitsatira pomwe iye akuwalozera. M'katonimo muli kope la tsamba la magazini ya Life ya pa 20 Seputembala 1943: asilikali atatu a America ali chigonere pamchenga ku Buna, ku New Guinea, mmodzi mchenga utayamba kumukwirira, nkhope zawo sizikuoneka. Anajambula ndi George Strock. Mpaka nthawi imeneyo boma silinkalola zithunzi zotere, ndipo linadzalola poopa kuti anthu kunyumba ayamba kutayirira poganiza kuti nkhondo yatha kale. Mdzukulu wanga anawerenga miyezi ndi zala, kuchokera Disembala 1941, n'kunena motsitsa mawu: "Agogo, apa chigamba choyera chinatenga miyezi 21, koma palibe anachiona." Mawu amenewo anakawalemba m'ntchito yake.

Kuno kwathu zinayendanso chimodzimodzi. Zigamba zoyera zitatha, ndipo makamaka nkhondo yomenyera ufulu itakula kuyambira Disembala 1972, masamba a Herald anali odzaza. Mu 1976 boma linabweretsa zidziwitso zoletseratu nkhani isanalembedwe n'komwe. M'katoni ya Smith muli masamba ambiri a zaka zimenezo, ndipo ndinawerenga zilengezo za asilikali zimene ndinkazimva pa wailesi ndili mnyamata. Mzungu akafa ankatchulidwa dzina, zaka zake ndi kwawo. Anthu akumudzi ankangokhala nambala, ati apezeka pakati pa zipolopolo. Ku Highfield madzulo tinkatseka mawindo n'kutsitsa wailesi kuti timve Voice of Zimbabwe yochokera ku Maputo. Nayo inali ndi zake zimene inkakuza ndi zimene inkabisa, tinkadziwa, koma tinkaika ziwirizo pamodzi n'kuyesa kupeza pomwe pali choonadi.

Chimene chikusowa kwambiri m'sitoloyi ndi mawu a anthu akuda a nthawi imeneyo. African Daily News inaletsedwa mu Ogasiti 1964, nthawi imodzi ndi zipani za anthu akuda, ZANU ndi PCC ya Joshua Nkomo. Moto, ya Akatolika a ku Mambo Press ku Gwelo, mkonzi wake Bambo Michael Traber anathamangitsidwa m'dziko mu 1970, ndipo nyuzipepalayo inaletsedwa mu 1974. Pa ziwirizi ndinapeza timasamba tochepa kwambiri, tina tong'ambika theka, pamene Herald yadzaza makatoni. Nditafunsa anandiyankha kuti, "Anthu ankawotcha, achimwene. Apolisi akagogoda usiku, ndani akanafuna kupezeka nazo pansi pa bedi? Za azungu zinkasungidwa m'magalaji ku Borrowdale, ndizo zimandipeza." Ndinakumbukira amayi anga akuponya mapepala ena pamoto usiku wina, ife atatiuza kuti tigone. Vutoli si la eni sitolo, koma wolowa m'menemo adziwe kuti akuwerenga zimene zinapulumuka, ndipo zinapulumuka chifukwa eni ake sankaopa kugogoda kwa usiku.

M'katoni ya Chitaganya ndinapeza makope awiri a Bwalo la Nyasaland, imene inkasindikizidwa kuno ku Salisbury ndi kampani ya African Newspapers. Mwa kuwerenga kwanga inkakomera Chitaganya, chomwe anthu akwathu ambiri ankachikana mpaka pa 3 Malichi 1959 boma la Nyasaland linalengeza za ngozi m'dziko, Dr Banda n'kubwera naye kundende ya Gwelo. Komabe ndinawerenga mzere uliwonse mokweza, chifukwa ndi Chinyanja cha bambo anga, kalembedwe kake kakale komweko. Ndinajambulitsa onse awiri.

Katoni ya Congo ndi yaing'ono ndipo ili pansi pa tebulo. Asilikali a Zimbabwe anapita ku Congo mu Ogasiti 1998. Mu Januwale 1999 nyuzipepala ya The Standard inalemba kuti asilikali ena amangidwa powaganizira kuti ankakonza zolanda boma. Mkonzi Mark Chavunduka ndi mtolankhani Ray Choto anagwidwa, anazunzidwa ali m'manja mwa asilikali, kenako anaimbidwa mlandu wofalitsa nkhani zabodza zoopseza anthu. Lamulo limene anawaimbira nalo mlandu linali Law and Order Maintenance Act la 1960, lomwe lija atsamunda ankamangira nalo atsogoleri a ufulu. Khoti lalikulu la Supreme linathetsa ndime imeneyo mu 2000. Ine nthawi imeneyo ndinali ndidakali pantchito, ndipo ndikukumbukira mmene tonse tinakhalira chete pa nthawi ya tiyi sabata imeneyo. Ndinatulutsa tsambalo n'kuwaonetsa achimwene aja deti la lamulolo, 1960, ndi deti la nyuzipepalayo, 1999. Anagwedeza mutu nati, "Imeneyo ndiye ndaimva."

Zotsala ndi zazing'ono koma muzidziwe. Mndandanda wa zomwe zilimo palibe, zonse zili m'mutu mwa munthu mmodzi wokalamba, ndipo akachokapo mnyamata uja sangakupezereni kanthu. Loweruka lachitatu tinadikira ola lathunthu pamasitepe chifukwa anali atapita kumaliro osasiya uthenga. Magetsi akathima m'chipindamo mumachita mdima ndipo fotokope imaima, choncho pitani m'mawa, dzuwa likamalowera pawindo la kum'mawa. Pakona ina denga limadontha, ndipo makatoni apansi ayamba kununkha nkhungu. Ndinawapempha kuti awakweze pa njerwa mvula isanayambe. Amatsegula 9 koloko, pakati pa sabata amatseka 4 koloko, Loweruka 1 koloko masana. Ana asukulu akabwera ndi yunifolomu sawalipiritsa dola yowerengera ija.

Ndikulimbikitsa aphunzitsi, ana a Fomu 5 ndi 6, ndi aliyense amene makolo ake anadutsa m'zaka zimenezo kuti apiteko. Paja akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Buku la kusukulu likuuzani kuti kunali kusefa nkhani, koma kugwira tsambalo ndi manja, kuona kukula kwa chigamba ndi malonda a nsapato ali pambali pake ngati palibe chachitika, n'chinthu china.

Ndili ndi pempho kwa anzanga a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa ndi kumigodi. Ngati m'thiranki ya malemu bambo anu kapena agogo anu muli African Daily News, Moto, Bwalo la Nyasaland, ngakhale tsamba limodzi loyalira pansi pa zovala, musalitaye ndipo musalimate pulasitiki. Achimwene aja anandilonjeza kuti ajambula kwaulere n'kukubwezerani lanulo m'manja tsiku lomwelo. Ine ndatumiza kale uthenga ku Ntcheu kwa mwana wa achemwali anga kuti atsegule sutikesi imene bambo anapita nayo kumudzi atapuma ntchito, ndipo ayang'ane bwino m'matumba a jekete ija.